Nkhoswe ya pakhomo pa makina

Moyo wa tauni ya mgodi umayendera tsiku la malipiro. Kwa masabata atatu msika umakhala wozizira, ogulitsa tomato amangoingitsa ntchentche, ndipo mwini golosale amalemba ngongole m'kabuku mpaka masamba kutha. Likangokwana tsikulo, anthu onse amafuna chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Zili choncho ku Zvishavane kumene ndinabadwira, zili choncho ku Shurugwi, ku Kwekwe, ndi kulikonse m'chigawo cha Midlands kumene anthu amadya za pansi pa nthaka. Makolo athu ankaudziwa mzere wa tsiku limeneli ndi miyendo yawo: pazenera la olipira, kusitolo ya kampani, kenako kupositi ofesi kukatumiza kangachepe kumudzi, ku Dedza kapena ku Ntcheu.

Mzere umenewu sunathe ayi. Unangosamukira kumene maso sauona. Chiyambire 2011, pamene kampani ya Econet inakhazikitsa EcoCash, anthu a m'dziko la Zimbabwe anazolowera kutumiza ndi kulandira ndalama pa lamya za m'manja, ndipo pambuyo pa ndalama panatsatira zina: zotsatira za mayeso, kufunsira ana malo a Fomu 1 m'sukulu zogonera konko, kaundula wa makalabu a alimi. Mzere wakale unali ndi ubwino umodzi. Munthu ankaona amene ali patsogolo pake, n'kudziwa ngati kuli bwino kubwerera kaye kudimba. Watsopanowu umangokuonetsani kagudumu kozungulira pagalasi la lamya, kenako mawu a Chingerezi amene ngakhale agogo osapita kusukulu ayamba kuwazindikira ndi maonekedwe ake: 502 Bad Gateway.

Zikatere timati netiweki yavuta. Mawu amenewa akufanana ndi mmene kale tinkanenera kuti malungo pa kutentha thupi kulikonse, kaya ndi chibayo, kaya ndi chimfine. Alimi a ku Malawi akukumbukira 2020, chaka choyamba cha ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, pamene kugula feteleza kunkalira kuti chiphaso cha unzika chiwerengedwe ndi makina, ndipo manyuzipepala analemba za anthu ogona m'malo ogulitsira kudikira kuti netiweki ibwere. Matenda obisala m'mawu amenewa ndi ambiri. Nthawi zina nsanja ya lamya yazima, nthawi zina chingwe chaduka kutali. Koma alipo amodzi amene amakonda masiku a piringupiringu, ndipo mankhwala ake ndi odziwika komanso osaboola m'thumba, moti mlangizi kapena mlembi wa kalabu amene akusainira makina atsopano ayenera kuwadziwa ndi dzina lomwe.

Mukadina pa lamya kuti muone ndalama zanu kapena zotsatira za mwana, pempho lanu limapita ku kompyuta ina imene ili kutali, yosazimitsidwa usana ndi usiku. Kompyuta yotere amaitcha seva. Ntchito yake ndi ya kalaliki wa pazenera: kulandira pempho, kutsegula kaundula, kupereka yankho. Kalaliki ameneyu ndi wachangu kuposa munthu aliyense, koma ali ndi malire monga chigayo chilili ndi malire. Mukathira chimanga chopitirira muyeso m'kamwa mwa chigayo, sichigaya mofulumira. Chimatsamwa, lamba n'kuduka, ndipo ngakhale amene anabwera ndi kalichero kamodzi amabwerera osagayitsa. Seva yolemedwa imachita chimodzimodzi. Siyamba ndi kubweza anthu owonjezerawo. Imayesa kutumikira onse, imachedwa kwa onse, anthu otopa amadinanso kawiri katatu, katundu n'kumachulukirachulukira mpaka yagwa.

Wina anganene kuti gulani chigayo chachikulu. N'zotheka, ndipo kwa kanthawi zimathandiza, koma chachikulucho chikhalabe chimodzi, ndipo tsiku limene chidzafe mudzi wonse udzagona ndi njala. Nzeru ina ndi kukhala ndi maseva angapo aang'ono. Pamenepo pamabuka funso: ndani auze anthu zenera loti apite? Bungwe loyendetsa mayeso la ZIMSEC, limene linayamba kutulutsa zotsatira pa intaneti mu 2019, linkalengeza ma adiresi osiyana, zigawo za dziko zitagawidwa m'magulu, kotero kuti kholo la ku Mberengwa linkalowera khomo la gulu lake m'malo molimbirana ndi dziko lonse. Njira imeneyi ndi yomveka, ndipo aliyense angaimvetse. Koma kugawa anthu ndi ma adiresi, kulikonse kumene kwachitika, kumasiya ntchito yosankha khomo m'manja mwa mlendo, ndipo khomo lina likadzaza pamene lina lili pululu, sipakhala wokuwa kuti bwerani kuno.

Njira imene akatswiri amakonda ndi kuika woimira pakati. Pa Chingerezi amati proxy, ndipo pa Chichewa mawu oyenera ndi akuti nkhoswe. Tonse tikudziwa kuti mnyamata wofuna banja sapita yekha kukalankhula ndi makolo a mtsikana. Amatuma nkhoswe yake. Imeneyo ndi nkhoswe ya wopempha, ndipo pa makina iliponso: m'masukulu ndi m'maofesi ambiri makompyuta onse amatulukira pa intaneti kudzera mwa woimira mmodzi. Koma kuchikazi nakonso kumakhala nkhoswe. Imeneyi imaima pakhomo m'malo mwa eni nyumba. Mlendo salowa kuchipinda kukafunafuna womuyankha. Amatula mawu kwa nkhoswe, iyo imalowa, imasankha woyenera kumva nkhaniyo, n'kutuluka ndi yankho. Mlendo amabwerera kwawo osadziwa kuti m'nyumbamo munali anthu angati, ndani anali kudwala tsikulo, ndani anayankha. Nkhoswe ya kuchikazi imeneyi ndi imene amaitcha reverse proxy. Ikakhala ndi maseva angapo kumbuyo kwake n'kumawagawira mapempho kuti pasapezeke wolemedwa pamene mnzake akuodzera, ntchitoyo amati load balancing, kunena kwathu kugawa katundu molingana. Ndipo mawu aja akuti 502 Bad Gateway ndi nkhoswe yomweyi ikupepesa: ndagogoda m'katimo, koma yankho lomveka sindinalandire. Nambala ikakhala 504, ndiye kuti yadikira mpaka nthawi yoikika yatha.

Ntchito yoima pakhomo ndinaimva kale ndisanakhudzepo kompyuta. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, nalembedwa ntchito pa mgodi wa asbestos wa Shabanie, tauni yathu ikutchedwabe Shabani. Ankakonda kusimba za munthu woima pamwamba pa dzenje, amene azungu ankamutcha banksman. Munthuyo sankagwira fosholo. Ntchito yake inali kuwerenga anthu olowa m'chikepe, kutseka chitseko chiwerengero chikakwana, ndi kuliza belu kwa woyendetsa injini. Anyamata obwera kumene ankamunena kuti amadya zaulere, makamaka akawabweza pa chitseko iwo akuthamangira kukaweruka. Agogo ankangoti chingwe sichidziwa kuti munthu ali ndi changu.

Ambiri a ife, zidzukulu za matchona, sitinapondeko ku Malawi. Lamulo la unzika la 2001 linatisandutsa alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anatibwezera unzika, n'kuikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Chimene sichinatisiyepo m'zaka zonsezo ndi magulu a maliro. Makolo anawayambitsa m'makomboni chifukwa munthu wofera kutali ndi kwawo analibe adzukulu omuika. Ine ndimagwira ntchito ndi mgwirizano wa magulu oterewa, pamodzi ndi makalabu a madimba a amayi amasiye ndi abambo amene migodi inawasiya, kuyambira ku Zvishavane mpaka ku Shurugwi ndi ku Mberengwa. Lamulo la magulu a maliro n'louma: wosapereka miyezi itatu yotsatizana, bokosi, galimoto ndi ufa wa pa maliro sizimukhudza. Lamuloli si nkhanza. Popanda ilo thumba likanauma kalekale.

Zaka zingapo zapitazo bungwe lina lothandiza linalipira kampani ina kuti itipangire kaundula wa pa intaneti, woti msungichuma wa gulu lililonse azilembamo zopereka ali kwawo, pa lamya. Kaundula yenseyo ankakhala pa kompyuta imodzi mu ofesi ya kampaniyo. Masiku wamba ankayenda bwino. Koma zopereka zathu sizibwera masiku wamba. Zimabwera ana a m'migodi akalandira n'kutumizira makolo, ndipo asungichuma onse amalemba madzulo a masiku awiri omwewo. Mwezi wina makinawo anagwa madzulo a tsiku lomaliza, n'kudzuka patapita masiku atatu. Mkulu wina wa ku Mandava, amene anali atatsalira miyezi iwiri, anapereka ndalama zake zonse tsiku limenelo. Msungichuma anadina, kagudumu kanazungulira, iye n'kuyesa kuti zalowa. Sizinalowe. Sabata yotsatira mkuluyo anatisiya, ndipo kaundula ankanena kuti wakwanitsa miyezi itatu osapereka. Thupi linakhala m'nyumba yachisoni masiku awiri komiti ikukangana, ena akuti lamulo ndi lamulo, ena akuti tonse tinawaona akupereka. Chinathetsa mlandu ndi kalisiti kolemba pamanja kamene mayi wamasiye anakapeza m'thumba la jekete ya malemuwo. Maliro tinaika mwaulemu wake, koma mawu amene analankhulidwa m'masiku awiri aja anatenga chaka kuti apole.

Amene ndinamudandaulira ndi mphwanga, mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene anaphunzira za makompyuta pa Midlands State University ku Gweru. Atayang'ana mmene zinthu zinalumikizidwira anati, "Amalume, apa netiweki musainamizire. Zenera ndi limodzi, kalaliki ndi mmodzi, ndipo inu mumamutumizira mudzi wonse pa ola limodzi." Ndinamufunsa kuti nanga mankhwala ake adya ng'ombe zingati. Iye anaseka. "Pulogalamuyo ndi yaulere, amalume. Cholipira ndi nyumba zokhalamo akalaliki." Pulogalamu imene ankanena ndi Nginx, imene potchula amati enjini-ekisi.

Nginx inalembedwa ndi Igor Sysoev, amene ankayang'anira makina a kampani ya Rambler ku Moscow. Anaiyamba mu 2002, naipereka kwa anthu onse kwaulere mu Okutobala 2004. Pa nthawiyo akatswiri ankalimbana ndi funso limene Dan Kegel analifotokoza mu 1999: kodi seva imodzi ingathe bwanji kusunga alendo 10,000 pa nthawi imodzi? Mapulogalamu akale, monga Apache imene inatuluka mu 1995, ankapatsa mlendo aliyense wantchito wakewake, woima naye mpaka atamaliza. Alendo akachuluka, antchito ankadzaza nyumba mpaka kusowa popondera. Sysoev anatsata njira imene amayi ophika pa maliro amaidziwa bwino. Mayi mmodzi amayang'anira miphika khumi, koma saima n'kumayang'anitsitsa umodzi kudikira kuti uwire. Amasonkhezera apa, amavundula apo, amabwerera pamene chivundikiro chayamba kugwedera. Antchito ochepa a Nginx amatero ndi alendo zikwizikwi, n'chifukwa chake imatha kuima pakhomo ngakhale ili pa kompyuta yaing'ono.

Si yokhayo. HAProxy, imene Willy Tarreau wa ku France anaitulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inapangidwira ntchito yogawa katunduyi, ndipo Apache nayo inadzaphunzira kuima ngati nkhoswe. Kampani ya ku America ya F5 inagula kampani ya Nginx mu 2019 pa mtengo wa madola 670 miliyoni, koma pulogalamu yaulere ija inapitirira kupezeka. Ndikutchula zimenezi dala, chifukwa alipo ogulitsa makina amene amatchula load balancer ngati akutchula ndege, kuti komiti ichite mantha isafunse mtengo.

Mphwanga sanafune kuti makina akhale mu ofesi yathu. Tonse tinkakumbukira 2019, pamene madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Anachita lendi makompyuta atatu aang'ono m'nyumba yosungira maseva ku Johannesburg, kumene kuli majenereta ndi zingwe zingapo za intaneti. Imodzi inakhala nkhoswe, ziwiri akalaliki. Asungichuma sanasinthe kalikonse, pakuti adiresi inali yomwe ija. Malangizo onse amene analembera nkhosweyo sanadzaze ngakhale tsamba limodzi la kope: mayina a akalaliki awiriwo, ndi lamulo la kagawidwe.

Pa kagawidwepo ndi pamene ndinakhala naye nthawi yaitali, chifukwa ndinapeza kuti ndi nkhani imene kapitawo aliyense wa pa esiteti amaidziwa. Njira yoyamba, imene Nginx imatsata mukapanda kuiuza kanthu, ndi yosinthana ngati chipereganyu: pempho loyamba kwa uyu, lachiwiri kwa uyo, lachitatu kwa uyunso. Amati round robin. Ndi yachilungamo pokhapokha antchito akhale a mphamvu zofanana. Ngati seva ina ili yamphamvu, mumaipatsa muyeso woposa, kuti izilandira mapempho atatu pamene inzake ikulandira limodzi, monga mmene simungapimire mnyamata ndi nkhalamba ndime yofanana. Koma ndime nazo zimasiyana. Ina ndi ya mchenga, ina ya zitsa. Msungichuma wolemba chopereka chimodzi amamaliza m'kamphindi, pamene mlembi wofuna lipoti la chaka chonse amagwira kalaliki nthawi yaitali. Kapitawo wongowerenga kuti uyu, uyo, uyu, akhoza kuunjika zitsa zonse pa munthu mmodzi osadziwa. Pamenepa njira yabwino ndi yoti nkhoswe iziyang'ana amene ali ndi alendo ochepa pa nthawiyo, n'kumupatsa wotsatira. Imeneyi ndi imene tinasankha.

Palinso msampha umene umagwira ambiri kuno kwathu. Mapulogalamu ena amafuna kuti mlendo amene wayamba ndi kalaliki uyu amalize ndi yemweyo, chifukwa ndi iye amene akukumbukira kuti mwalowa ndi dzina liti. Njira yachidule ndi kuuza nkhoswe kuti izizindikira mlendo ndi nambala ya adiresi imene wabwera nayo. Kumaiko kumene nyumba iliyonse ili ndi chingwe chake, zimenezi zimagawa anthu bwino ndithu. Koma ife timalowa ndi lamya za m'manja, ndipo makampani a lamya amatulutsira makasitomala zikwizikwi pa ma adiresi ochepa. Kwa nkhoswe, theka la Zvishavane limaoneka ngati munthu mmodzi, ndipo lonselo limatumizidwa kwa kalaliki mmodzi, mnzake akuothera dzuwa. Mphwanga anakonza zoti zokumbukira zonse zizisungidwa pamalo amodzi pamene akalaliki onse awiri amafika, kuti aliyense athe kupitiriza pamene mnzake wasiyira.

Ubwino waukulu wa nkhoswe umaoneka tsiku limene wina wadwala. Seva ikalephera kuyankha, Nginx imaichotsa pa mzere kwa masekondi 10 n'kumatumiza onse kwa inzake, kenako imaiyesanso. Nthawi imeneyi mwini makina akhoza kuitalikitsa kapena kuifupikitsa. Mlendo amangoona kuchedwa pang'ono. Mwayi womwewu umalola kukonza makina masanasana popanda kutseka zenera: mumapumitsa mmodzi, mumamukonza, mumamubwezera pa ntchito, n'kutenga winayo.

Koma apa ndi pamene ndinaumirira, pokumbukira mkulu wa ku Mandava uja. Nanga bwanji kalaliki akalandira ndalama, n'kulemba, n'kukomoka asanayankhe? Nkhoswe yaphuma ikatengera pempho lomwelo kwa mnzake, chopereka chilembedwa kawiri. Pa malonda a feteleza ndiye kuti mlimi wadulidwa kawiri. Kufunsa kawiri kuti ndili ndi zingati sikuononga kanthu, koma kulamula kawiri kuti chotsanipo kumaononga. Olemba Nginx anaziona zimenezi, ndipo kuyambira mu 2016 pulogalamuyi siibwereza yokha pempho la mtundu wolemba kapena wosintha zinthu likakhala kuti lafika kale kwa seva yoyamba, pokhapokha mwini makina atailamula kutero. Ife tinawonjezera kuti chopereka chilichonse chizikhala ndi nambala yakeyake, kuti chikabwera kachiwiri kaundula achizindikire, ndiponso kuti msungichuma asatseke lamya asanaone nambala ya lisiti pagalasi. Kagudumu kozungulira si lisiti.

Ntchito zina za nkhoswe ndingozilambalala. Imasunga mayankho a mafunso obwerezabwereza, monga mitengo ya tomato ya sabata ino kapena tsiku la msonkhano, n'kumayankha yokha osavutitsa a m'nyumba. Imasenzanso ntchito ya loko wobisa uthenga pakati pa lamya ndi seva, amene amapangitsa adiresi kuyamba ndi https, ndipo chiphaso chake chakhala chikupezeka kwaulere kuchokera ku Let's Encrypt chiyambire 2015. Imathanso kubweza mlendo amene akugogoda kambirimbiri pa mphindi imodzi poyesa kulota mawu achinsinsi a anthu.

Tsopano ndinene mbali imene ogulitsa makina sakonda kunena. Nkhoswe nayo ndi imodzi. Ikagwa, akalaliki awiri athanzi amatsala m'nyumba yopanda khomo. Mabungwe aakulu amaika nkhoswe ziwiri, ina ikudikira kutenga adiresi ya inzake ikangosiya kupuma, koma ife ndalama yake tilibe. Akalaliki athunso ndi awiri, inde, koma kaundula amene amalembamo ndi mmodzi, ndipo sangakhale awiri mwachisawawa, chifukwa msungichuma aliyense akudziwa mlandu umene umabuka mabuku awiri a ndalama akasemphana. Ndiye palinso mtunda. Zonsezi zili kutsidya kwa Limpopo, ndipo pakati pa ife ndi izo pali zinthu zimene nkhoswe ilibe nazo mphamvu. Mu Januwale 2019 boma la Zimbabwe linalamula kuti intaneti itsekedwe pa nthawi ya zionetsero zotsutsa kukwera mtengo kwa mafuta a galimoto, mpaka khoti lalikulu linagamula pa 21 Januwale kuti nduna imene inalamula inalibe mphamvu zotero. Mu Meyi 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo intaneti inafooka m'maiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Masiku oterowo, kaya muli ndi maseva awiri kaya makumi awiri, mlimi safika n'komwe pakhomo.

Anthu a m'matauni athu safunika kuwaphunzitsa tanthauzo la kutsamira mzati umodzi. Zvishavane inamangidwa pa Shabanie: nyumba, chipatala, timu ya mpira, zonse zinali za mgodi. Boma litatenga ulamuliro wa kampani ya SMM mu 2004, sipanapite zaka zambiri kukumba kunaima, ndipo mabanja ambirimbiri anatsala m'nyumba za kampani opanda malipiro. Redcliff inaona zomwezo ng'anjo za ZISCO zitazima mu 2008. Kuti tauni yathu sinafe, n'chifukwa chakuti mgodi wa platinum wa Mimosa unali ukukula, wa diamondi wa Murowa unali utatsegulidwa mu 2004, ndipo mu 2015 yunivesite ya ku Gweru inabweretsa ophunzira m'nyumba zina za Shabanie. Mphwanga amakonda kunena kuti imeneyi ndi load balancing ya tauni. Ine fanizolo sindilikonda kwenikweni. Pempho la pa makina limasamutsidwa m'kuphethira kwa diso. Bambo wa zaka 55 wodziwa asbestos yekha sanasamutsidwire kulikonse, ndipo ndi iye amene lero akuthirira repu m'dimba la kalabu yathu.

Kwa alangizi ndi atsogoleri a makalabu amene bungwe lothandiza likuwabweretsera makina oterewa, ndinganene kuti musachite manyazi kufunsa mafunso a munthu wa kumudzi. Funsani kuti makinawo anayesedwa ndi anthu angati olowa nthawi imodzi, ndipo muwauze tsiku lanu la piringupiringu, kaya ndi la malipiro, kaya ndi sabata ya mvula yoyamba pamene aliyense akufuna mbewu, chifukwa wopanga makina wokhala mumzinda salidziwa tsikulo. Funsani kuti seva imodzi ikazima chimachitika n'chiyani, ndipo akayankha kuti ilipo ina, apempheni azimitse yoyambayo inu mukuona. Ife tinatero pa msonkhano wa asungichuma ku Shurugwi. Mphwanga anazimitsa kalaliki mmodzi pamene mayi wina ankatsegula tsamba la gulu lake. Tsambalo linazengereza kamphindi n'kutseguka, mayiyo analemba chopereka, nambala ya lisiti inatuluka, ndipo m'chipindamo munamveka nthungululu ngati kwabadwa mwana. Koposa zonse funsani kuti makiyi a makinawo ali ndi yani, ndiponso kuti thandizo likadzatha lendi ya mwezi ndi mwezi adzalipira ndani, ndi ndalama ya dziko liti.

Funso lomalizali ndi limene likutidyabe ife. Lendi ya makompyuta atatu aja imalipidwa m'madola a ku America, ndipo imachokera m'thumba lomwelo logulira mabokosi. Mphwanga akufuna kompyuta yachinayi, yoti izikopera kaundula nthawi yomweyo pamene akulembedwa, kuti woyambayo akaonongeka tisataye ngakhale chopereka chimodzi. Amayi a madimba akuti ndalama imeneyo ndi ya mapaipi ndi mbewu ya anyezi. Akuluakulu a magulu a maliro, amene anaona mgodi ukutsekedwa ndiponso ndalama za m'mabanki zikusanduka mapepala mu 2008, akuti makina achuluke kaya achepe, buku lachikuto chakuda lisachoke patebulo. Nkhaniyi taiimika mpaka msonkhano wa pambuyo pokolola tomato. Pakadali pano kaundula amakopedwa usiku uliwonse kupita ku kompyuta yakale ya mu ofesi yathu, yoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo Lachisanu lililonse mlembi amasindikiza masamba ake, msungichuma wamkulu n'kupita nawo ku Mandava, kumene amawasunga m'sutikesi yachitsulo imene bambo ake anabwera nayo kuchokera kumudzi.